Aganyu m'khola la tarantula: ma isopod amathandiza kapena amadya abwana awo?

Kangaude_Leeds:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ma tarantula atatu tsopano, akangaude akuluakulu aubweya aja. Awiri sandivutitsa, koma wachitatuyu, Theraphosa stirmi wamkazi amene ndinagula chaka chatha, khola lake landitopetsa. Mtundu umenewu kwawo ndi m'nkhalango zonyowa za ku Guyana, ndiye dothi limafunika kukhala lachinyezi nthawi zonse. Akadya mphemvu, zotsalira zija amazikulunga ngati kambulu n'kukazitaya kuseri kwa khungwa, kumene chopanira changa sichifika. Pakangopita masiku atatu pamamera chuku choyera ngati thonje, ndipo sabata yathayi ndaona tinthata toyera tikuyendayenda m'mbali mwa mbale ya madzi. Pa shopu ina andiuza kuti ndiikemo ma isopod, tizilombo tija azungu amati woodlice, kuti tizidya zotsalirazo. Kuseri kwa nyumba kuno aliko mbwee pansi pa miphika ya maluwa. Ndingotola amenewo, kapena ndikhala ndikuitana mfiti m'nyumba?

Dalaivala_Joni:
Aise, tisanafike kumeneko tiuze kaye. Anzako anapita ku Mangalande kukasaka mapaundi, iwe ukuweta buwe kuchipinda chogona? Amayi ako kumudzi akudziwa zimenezi?

Kangaude_Leeds:
Akudziwa achimwene. Anandiona pa video call ndikumudyetsa, anangoti "mwana uyu tinamulakwira chiyani" n'kudula foni.

Mai_a_Buwe:
Achimwene a ku Leeds, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinalidya, ndiye ndifotokoza bwinobwino.

Ndinali ndi Lasiodora parahybana wamng'ono, wa ku Brazil uja, miyendo yake ikatambasuka ankakwana masentimita 6 basi. Mnzanga wina woweta abuluzi kuno ku Pretoria anandigawira ma isopod a mawanga oyera ndi akuda, Porcellio laevis, amene ogulitsa amawatchula kuti dairy cow. Anandipatsa khumi okha. Patatha miyezi inayi ndinkati ndikatukula mbale ya madzi pansi pake pamachita kuti waa, osawerengeka. Ndinkanyadira, chifukwa khola linali lowala zedi. Kalijosolo akafera momwemo, pofika m'mawa pamatsala timiyendo tokha.

Tsiku lina madzulo ndinapeza kangaude wayala ukonde pansi ngati mphasa, wagona chagada, miyendo m'mwamba. Ndinadziwa kuti akufundula. Ndinazimitsa magetsi n'kukagona. M'mawa ndinapeza wavula bwinobwino, chikopa chakale chili pambali, koma pamimba pake pali ma isopod asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu atamatirira. Iye ankangogwedeza mwendo umodzi mofooka. Ndinawachotsa ndi kabulashi kojambulira, ndipo pamene anali panatsala chibowo, pakutuluka madzi aja otuwa obiriwira pang'ono, amene ndi magazi ake. Ndinathirapo ufa wa cornflour kuti aleke kutuluka. Pofika masana anali atapinda miyendo pansi pa thupi. Mukudziwa tanthauzo lake: anali atafa.

Kuyambira pamenepo ma Porcellio salowanso m'khola la kangaude wanga aliyense.

Dalaivala_Joni:
Pepani kwambiri amayi. Koma ndifunse ngati mbuli. Mukudziwa bwanji kuti anamupha ndi iwowo? Mwina anavulala kale pofundula, iwo anangobwera kumaliro. Fisi ukamupeza pa mtembo si ndiye kuti wapha ndi iye.

Mai_a_Buwe:
Funso limeneli ndinadzifunsa ndekha miyezi yambiri. Mwina panali kabala kakang'ono kale, iwo n'kununkhiza. Koma taganizani achimwene: kangaude akavulala pang'ono pofundula m'khola lopanda kanthu, nthawi zambiri bala limauma, iye n'kuchira. M'khola muja munali pakamwa zana zodikira. Kaya anayambitsa kaya anamaliza, kwa ine n'chimodzimodzi.

Mphunzitsi_Zomba:
Ndilowererepo ana anga, ngakhale ine sindiweta akangaude. Ndinaphunzitsa biology zaka zambiri, ndipo tizilombo timeneti ndinkatumiza ana kukatitola pansi pa miyala kuti tiphunzirepo.

Anthu ambiri amaganiza kuti isopod ndi gulu limodzi ndi mphemvu kapena chiswe. Ayi. Abale ake enieni ndi nkhanu. Ndi nyama ya m'madzi imene inasamukira kumtunda koma siinaiwale kwawo. Werengani miyendo: khumi ndi inayi, isanu ndi iwiri mbali iliyonse. Tiziwalo topumira tili pansi kuchimchira, ndipo timagwira ntchito pokhapokha tikakhala tonyowa. N'chifukwa chake masana mumatipeza pansi pa mwala kapena chipika chowola. Mukakaika pa mbale youma padzuwa, sikachedwa kufa. Kakakazi kamanyamula mazira m'kathumba ka madzi pansi pa mimba, ana amatuluka ali oyera, ndi miyendo khumi ndi iwiri yokha, iwiri inayo imadza pambuyo pake akamafundula.

Tsono chokhudza nkhani ya amayiwa ndi ichi. Chigoba cha isopod chimalimba ndi calcium, monga cha nkhanu. Nako kamafundula, koma modabwitsa: kamavula theka lakumbuyo kaye, patapita tsiku kapena awiri n'kuvula lakutsogolo, ndipo kawirikawiri kamadya chigoba chakalecho kuti calcium asatayike. Chakudya chake chenicheni ndi masamba owola ndi nkhuni zofumbwa, koma kakapeza nyama yofewa imene siikuthawa, sikafunsa kuti mwini wake ndani. Kamadya ngakhale anzake amene angofundula kumene. Kangaude wogona chagada, thupi lili lofewa ngati phala, mano ali oyera osalimba, kwa isopod wanjala ndi ndiwo basi.

Chemwali_Cardiff:
Aphunzitsi mwanena zoona, koma musawapachike onse pa mlandu wa mmodzi. Ine ndimaweta ma isopod paokha, mitundu isanu, komanso achule ndi ma tarantula anayi. Kusiyana kwake n'kwakukulu ngati mbuzi ndi fisi.

Porcellio laevis amene amayi a ku Pretoria anapatsidwa ndiye wadyera kuposa onse. Amakula mpaka pafupifupi masentimita 2, amathamanga, amaswana ngati mbewa, ndipo amakonda nyama. Ine ndikaponya kansomba kouma m'chidebe chawo, pofika mawa palibe. Porcellio scaber, wotuwa wa msana wa nsungunsungu uja, amene achimwene a ku Leeds akuwaona pansi pa miphika, nayenso sali kutali. Porcellionides pruinosus, aja amati powder orange kapena powder blue, ndi ochepa thupi koma kuswana ndi njala n'zomwezo. Onsewa ndi abwino m'khola la buluzi amene amatha kuwadya kapena kuwasuntha. Osati mwa kangaude.

Amene ndimaika ine ndi Trichorhina tomentosa, dwarf white. Timeneti ndi tating'ono ngati njere ya mpunga yothyoka, mamilimita atatu kapena anayi, toyera, tofewa, toyenda mwaulesi. Timakhala m'dothi, pamwamba simutiona kawirikawiri. Mukatikhudza timangopindika n'kunamizira kufa. Ndipo chosangalatsa, timaswana popanda amuna, ndiye kamodzi kokha kangathe kuyambitsa mudzi wonse. Ndili nato m'khola la kangaude wanga wa ku Cameroon, Hysterocrates gigas, zaka zitatu, wafundula katatu kuuna kwake, palibe chimene chachitika.

Dalaivala_Joni:
Timaswana popanda amuna? Chemwali, nkhani imeneyi musaifalitse kwambiri, ena a ife ntchito ingatithere.

Chemwali_Cardiff:
Inu yendetsani thiraki achimwene, za ma isopod tisiyireni.

Kangaude_Leeds:
Zikomo chemwali. Ndiye ma dwarf white amenewa amadya chuku chija?

Chemwali_Cardiff:
Pang'ono chabe. Ntchito yawo ndi kudya zotsalira chuku chisanamere. Wodya chuku weniweni ndi springtail, tizilombo toyera tating'onoting'ono todumpha ngati utitiri. Amagulitsa m'kachidebe ka makala onyowa. Mumathiramo madzi, tonse timayandama pamwamba, n'kukhuthulira m'khola. Kunena chilungamo, mukanandifunsa kuti musankhe chimodzi, ndikanati springtail. Alibe mphamvu yoboola ngakhale kamwana ka kangaude.

Tinthata mwationato musade nato nkhawa kwambiri. Tambiri ndi tongodya zowola, timabwera ndi chakudya cha mphemvu kapena mphutsi zija amati mealworm. Timachuluka pamene pali chakudya ndi chinyezi. Ma isopod ndi ma springtail satidya, koma amatilanda chakudya, ndiye timachepa tokha. Todetsa nkhawa ndi tija tounjikana pakamwa pa kangaude kapena m'mfundo za miyendo.

Mai_a_Buwe:
Chemwali a ku Cardiff, za ma springtail tikugwirizana, ndili nawo m'makola onse onyowa. Koma za ma dwarf white ndikukanabe pang'ono. Hysterocrates wanu ndi chimphona chokumba, amatseka khomo la una ndi ukonde akamafundula. Alipo anthu amene anadandaulapo kuti ngakhale tating'onoti tikachuluka timamusowetsa mtendere kangaude, amayamba kukhala pagalasi m'malo mokhala pansi. Ndipo vuto lake, mukangotiika simungatichotsenso. Muyenera kukhuthula dothi lonse, ndipo kusamutsa Theraphosa wamkulu si masewera. Ubweya wake woyabwa uja ukakulowani m'manja mumakanda sabata yonse ngati mwagwa m'chitedze.

Kangaude_Leeds:
Chitedze chenicheni amayi! Ndinayesa kamodzi opanda magolovesi, usiku wonse sindinagone.

Chemwali_Cardiff:
Zoti sitichotseka ndi zoona, sindikana. Koma kuchuluka kwawo kumatsata chakudya. Anthu amalakwitsa pamenepa: amaika ma isopod kenako n'kumawaponyera kaloti, chakudya cha nsomba, nkhaka, poti akuwamvera chisoni kapena akuopa kuti akakhala ndi njala adya kangaude. Mapeto ake amaswana mpaka chakudyacho chimachepa ndithu, njala ija n'kubwera pa gulu lalikulu. Ine m'khola la kangaude ndimangoika masamba ouma a oak odzaza dzanja pakona yakutali ndi una, basi. Zonona zonse ndimadyetsera m'chidebe chawo chapadera.

Mphunzitsi_Zomba:
Pa funso loyamba la mwana wathu wa ku Leeds, loti angotola a kuseri kwa nyumba, palibe wayankha. Ine ndikuti ayi, ndipo zifukwa ndi ziwiri. Choyamba simukudziwa kuti mwini nyumba kapena woyandikana naye anapopera chiyani pa maluwa. Mankhwala ophera tizilombo sasiyanitsa nsabwe za m'masamba ndi kangaude wanu. Chachiwiri, ma isopod amasunga zitsulo monga kopa, zinki ndi mtovu m'thupi mwawo, moti asayansi amawagwiritsa ntchito poyeza ngati dothi la pamalo lawonongeka. Kangaude akagwira mmodzi wamkulu n'kudya, wadyanso zimenezo.

Komanso mukaona wina wa mtundu wa buluu wowala bwino pakati pa otuwa, musakondwere kuti mwapeza wachilendo. Ameneyo akudwala. Ndi kachilombo kotchedwa iridovirus kamene kamasintha mtundu wake, ndipo sakhalitsa.

Chemwali_Cardiff:
Ndionjezere. Ngati munthu waumirira pa otola panja, awasunge m'chidebe paokha miyezi ingapo, agwiritse ntchito ana obadwira m'chidebemo, osati makolowo. Koma kuno ku Britain a panja amene mumawaona kawirikawiri ndi omwe aja akuluakulu, scaber, Oniscus asellus ndi Armadillidium vulgare wodzipinda ngati mpira uja. Ndiye ngakhale atayera bwanji, si a m'khola la kangaude.

Kusunga ma dwarf white paokha n'kosavuta. Tengani chidebe cha ayisikilimu, boolani timabowo tochepa pa chivundikiro, ikani coco fibre (ulusi wa makoko a kokonati) yonyowa yosakaniza ndi masamba owola, pamwamba khungwa kapena katoni. Ikanimo kachidutswa ka fupa la cuttlefish, lija amagulitsira mbalame zoweta, kapena makoko a mazira osinja. Amakonda kutentha, ndiye musaike pawindo m'nyengo yozizira. Masamba ndimayamba ndawaumitsa mu uvuni kapena kuwasiya mu firiza masiku angapo. A paini ndi bulugamu musayerekeze, mafuta ake sagwirizana ndi tizilombo.

Mnyamata_wa_25:
Moni nonse, ine ndimangowerenga nthawi zonse koma lero ndiyankhule. Kuno ku Lilongwe kuseri kwa mpanda wathu kuli una wozungulira bwinobwino, m'mbali muli ukonde woyera. Usiku ndikaunika ndi tochi ndimaona miyendo yaubweya pakhomo. Ndikufuna kumukumba ndimuike m'botolo lalikulu. Ma isopod ndiwapeza kudimba. Ziyenda?

Mai_a_Buwe:
Mwana wanga, siziyenda, pa zifukwa zingapo. Ameneyo ndi buwe, amene kuno amati baboon spider. Mitundu ya kwathu kuno, monga Pterinochilus murinus wofiirira uja kapena ma Ceratogyrus a nyanga pamsana, imasungidwa pa dothi louma ndi mbale ya madzi yokha. Isopod m'menemo amafa m'masiku ochepa, kapena onse amakaunjikana pansi pa mbale. Mukati muthire madzi kuti ma isopod akhale moyo, mwamupweteka kangaude. Khola timakonzera mwini wake, osati waganyu.

Ndi chimodzimodzi kwa ali ndi Grammostola wa ku Chile, Brachypelma hamorii wa mawondo ofiira wa ku Mexico, kapena Chromatopelma cyaneopubescens wa ku Paraguaná ku Venezuela. Onsewo ndi a pouma. Ndipo pouma zotsalira zimangouma gwa, sizichita chuku, mumangotola ndi chopanira. Aganyu alibepo ntchito.

China, buwe wa kwathu alibe ubweya woyabwa ngati a ku America, chida chake ndi liwiro ndi mano. Murinus akakuluma, ululu wake ndi kukokana kwa minofu zimatha masiku. Si woyambira kuphunzirapo. Kuno ku Joni akangaude amenewa ndi otetezedwa ndi malamulo, sungangokumba n'kusunga popanda chilolezo.

Mphunzitsi_Zomba:
Musiye pomwepo mwana wanga, akukulonderani mpanda. Akudya mphemvu ndi akalijosolo kwaulere. Ukafuna kumuona bwino, tenga kaudzi kakatali, ukagwedeze pang'onopang'ono pakhomo la una madzulo. Atulukira yekha kudzagwira, umuone, abwerere. Ana anga a sukulu ankachita kukuwa ndi chimwemwe.

Mnyamata_wa_25:
Chabwino agogo, ndamva. Ndiyesa za kaudzizo usiku uno.

Dalaivala_Joni:
Ukayese utavala nsapato, osati patapata.

Kangaude_Leeds:
Ndiye ine ndipange chiyani? Amayi akuti ayi, chemwali akuti eya. Wanga ndi wamkulu, miyendo imapitirira masentimita 20, dothi ndi lonyowa.

Mai_a_Buwe:
Ndisanayankhe, jambulani khola lonse titumizireni. Makamaka chivundikiro ndi m'mbali.

Kangaude_Leeds:
Ndatumiza. Ndi bokosi la pulasitiki lalikulu, mabowo ali pa chivundikiro pokha. Ndinamata ena ndi tepi kuti chinyezi chisamathawe, chifukwa hita ikayaka m'nyumba muno mpweya umauma kwambiri.

Mai_a_Buwe:
Eya, wakuba tamupeza. Taonani madontho a madzi ali m'makoma monsemo ngati m'bafa. Vuto lanu si kusowa kwa ma isopod, ndi mpweya wosayenda. Walira mvula walira matope, inde, koma matope anuwa mwawachulutsa nokha. Theraphosa amafuna dothi lonyowa pansi, osati mpweya wa m'thumba la pulasitiki. Chotsani tepiyo. Boolani mizere iwiri ya mabowo m'mbali zonse ziwiri, wina pafupi ndi dothi, wina m'mwamba, kuti mpweya uzidutsa. Dothi likhale lakuya, masentimita 15 kapena kuposa. Madzi musamapopere pamwamba, muzithira pakona kuti alowe pansi, pamwamba pazikhala poumirako. Mukatero chuku chichepa ndi theka musanagule kanthu.

Kuno m'mwezi wa June ndi July mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika, koma sinditseka mabowo. Ndimangoonjezera madzi pakona ndi kuika mbale yokulirapo.

Ndipo gulani chopanira chachitali, cha masentimita 30. Khungwalo litembenuzeni kuti kuseri kwake kuzionekera pagalasi. Akangaude ambiri ali ndi dzala lawo, amataya malo amodzimodzi. Mukalidziwa, ntchito yatha.

Chemwali_Cardiff:
Pa mpweya amayi alasa. Sindinaganize zofunsa chithunzi. Konzani zimenezo kaye, ikani ma springtail, mudikire mwezi. Mukaona kuti zotsalira zikukuvutanibe, pa kangaude wa msinkhu umenewo ine ma dwarf white khumi kapena khumi ndi asanu ndikanaika mosaopa. Kumene sindingaike ngakhale kamodzi ndi mwa tiana, mwa wamng'ono aliyense wosakwana chikhatho, ndi mwa wamkazi amene mukuyembekeza kuti aikira thumba la mazira.

Mai_a_Buwe:
Pamenepo sinditsutsa kwambiri. Ine sindikanaika, koma sindinganene kuti mwalakwa. Chokhacho, mukaona wasiya kudya, pamimba padazi paja pada bii, dziwani kuti kufundula kwayandikira. Nthawi imeneyo musasiye kalijosolo wamoyo m'khola ngakhale usiku umodzi, chifukwa ameneyo ndi woopsa kuposa isopod aliyense. Akafundula, wamkulu chonchi mudikire sabata ziwiri mano ade kaye musanamupatse chakudya.

Kangaude_Leeds:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masabata asanu. Ndinaboola mabowo ndi msomali wotentha, alamu ya utsi inalira mpaka mzungu woyandikana nane anabwera kudzagogoda. Madontho m'makoma anatha tsiku lachiwiri. Ma springtail ndinaika chidebe chimodzi, pano ndikatukula mbale ya madzi amachita kudumpha ngati mapira pa chiwaya. Chuku sindinachionenso kupatula kamodzi pa mutu wa mphemvu, ndipo pofika tsiku lachitatu chinali chitatha chokha. Tinthata tilipo koma tochepa.

Ma dwarf white ndinagula ndithu, koma ali m'chidebe cha ayisikilimu pamwamba pa firiji pamene pamafunda. Sindinawaike. Dzana mayi wamkuluyu wakana mphemvu, ndipo watseka khomo la una ndi dothi.

Mai_a_Buwe:
Musamukumbe, ngakhale pathe miyezi iwiri. Muzingodzaza mbale ya madzi.

Chemwali_Cardiff:
Ndipo chidebecho lembanipo ndi cholembera chachikulu. Mwamuna wanga anatsegulapo changa usiku akufuna ayisikilimu.

Mnyamata_wa_25:
Agogo a ku Zomba, anatuluka! Anagwira kaudzi n'kukoka mwamphamvu mpaka ndinataya tochi. Pamsana ali ndi kanthu kotukuka ngati kanyanga. Ndi uja amayi ananena?

Mphunzitsi_Zomba:
Ngati nyangayo ili pakati penipeni pa msana, ndi Ceratogyrus ameneyo. Ukamujambule tione ngati yaloza m'mwamba kapena yapendekera kumbuyo.